AMBUYE LAVIGERIE: MTANDA PAKATI PA MBENDERA ZA MAIKO

Pa 28 December 1889 panafika alendo anai pa mudzi wa mfumu Mponda, kufupi ndi pamene mtsinje wa Shire utulukira m'nyanja. Anali Azungu obvala mikanjo yoyera, kolona iri m'khosi. Atatu anali ansembe, ndiwo Bambo Adolphe Lechaptois amene anali mkulu wao, Bambo Joseph Mercui ndi Bambo Valentin Heurtebise. Wacinai anali Brother Antoine. Iyi ndiyo misoni yoyamba ya Eklezia Katolika m'dziko lino la Malawi. Ansembewo anali a ku France, ndalama za ulendo wao zinacokera ku boma la Portugal, ndipo dziko limene anafikamo anali kulimbirana Apwitikizi ndi Angerezi. Amene anawatuma sanapondepo konse pa dothi la kuno. Anali ku Algiers, kumpoto kwa Afrika, munthu wokalamba wa ndebvu zazitali, wodwaladwala nyamakazi, amene makalata ao anali kuwerengedwa ndi Papa, mafumu ndi nduna za maiko. Dzina lao ndi Ambuye Kardinala Charles Lavigerie.

Akristu ambiri awadziwa monga woyambitsa cipani ca Amisoni a Afrika, amene anthu awachula White Fathers cifukwa ca mikanjo yao yoyera, ndiponso monga mdani woopsa wa ukapolo. Zonsezo nzoona. Koma moyo wao uli ndi mbali ina imene sikambidwa kawirikawiri pa maphunziro a akatekisti. Masiku ao maboma a ku Ulaya anali kugawana Afrika, ndipo boma lirilonse linazindikira kuti wansembe alowa pamene msilikali sangalowe, ndi kuti nyumba ya misoni itha kukhala umboni wakuti dziko lakutilakuti liri ndi mwini. Ambuye Lavigerie anadziwa bwino zimenezi, ndipo anakhulupirira kuti iwo ndiwo adzagwiritsa maboma nchito ya Mulungu. Nthawi zina zinatero. Nthawi zina ogwiritsidwa nchito anali iwowo.

Charles Martial Allemand Lavigerie anabadwa pa 31 October 1825 ku Bayonne, kumwera kwa France. Atate ake anali a nchito ya msonkho wa katundu. Anaphunzira za unsembe ku Paris, nadzozedwa mu 1849, ndipo kuyambira 1854 anali kuphunzitsa mbiri ya Eklezia pa sukulu yaikulu ya Sorbonne. Nchito ya coko ndi mabuku sinawakwanire. Anali munthu wa mphamvu zosefukira, wa mau olamula, wosapirira ulesi, wofulumira kukwiya ndiponso wofulumira kulira. Mu 1856 anawaika kukhala mtsogoleri wa bungwe lothandiza masukulu a Akristu a Kum'mawa, ndipo bungwe limenelo ndilo linawatsekulira dziko.

M'caka ca 1860 ku Lebanon ndi ku Damascus kunaphedwa Akristu zikwi zambiri. Bambo Lavigerie anasonkhetsa cuma cambiri ku France, napita okha kukagawa cakudya ndi zobvala ndi kutola ana amasiye. Pa nthawi yomweyo mfumu Napoleon III anatumiza asilikali ake kumeneko, pakuti kuyambira kale France anali kudziyesa mtetezi wa Akatolika okhala mu ufumu wa Aturki, ndipo udindo umenewo unali khomo lolowera m'nkhani za ufumuwo. Wansembe wacinyamatayo anaona cifundo ca Eklezia ndi mfuti za dziko lake zikufika pa doko limodzi, ndipo sanaonepo colakwika. Ku Damascus anakaceza kwa Abd el-Kader, Msilamu wochuka amene anabisa Akristu ambiri m'nyumba mwake masiku a kuphanawo. Ulendo umenewu unawasiyira cikondi ca nchito ya umisoni, ndiponso cikhulupiriro cakuti France ali ndi udindo wocokera kwa Mulungu pakati pa mitundu ya anthu. Ziwirizi anazisenza pamodzi mpaka imfa.

Atakhala ku Roma zaka ziwiri anadzozedwa Episkopi wa Nancy mu 1863, ali ndi zaka 37, ndipo mu 1867 anakhala Arkiepiskopi wa Algiers. Owerenga adziwe kuti masiku amenewo, potsata pangano la 1801 la pakati pa Papa ndi France, boma ndilo linali kusankha maina a maepiskopi ndi kuwalipira malipiro. Amene anapereka dzina la Ambuye Lavigerie ndi Marshal MacMahon, bwanamkubwa wa Algeria, dziko limene Afransa analilanda kuyambira 1830. Bwanamkubwayo anafuna episkopi wosamala Azungu okhala m'dzikomo, wosakhudza Asilamu, kuti mtendere wa boma usasokonezeke.

Anapeza munthu wina. Caka comweco kunagwa dzombe, cilala, njala ndi kolera, ndipo Aluya anafa osawerengeka. Ambuye Lavigerie anatola ana amasiye pafupifupi 1,800. Ambiri mwa iwo anafika atafooka kale, namwalira. Njala itatha, MacMahon anafuna kuti otsalawo abwezedwe ku mafuko ao. Arkiepiskopi anakana poyera, nalemba makalata amene anasindikizidwa m'manyuzi, napita kukaonana ndi Napoleon III mwini wace, ndipo anawo anatsala m'manja mwao. Apa anaonetsa kuti episkopi sali kapitao wa bwanamkubwa. Komabe mkanganowo sunali wotsutsa ulamuliro wa Afransa pa Aluya ai. Cimene Ambuye Lavigerie anadandaula ncakuti France, atalanda dziko, anali kucita manyazi ndi mtanda.

Mu 1868 anayambitsa cipani ca Amisoni a Afrika, ndipo mu 1869 ca asisitere amene achedwa White Sisters. Malamulo amene anawapatsa ndiwo cuma cao cosafwifwa. Mmisoni aphunzire cinenero ca anthu, adye cakudya cao, abvale monga iwo; ndiko kunacokera mkanjo woyera, umene uli cobvala ca Aluya a ku Algeria. Amisoni asakhale ocepera atatu pa malo amodzi. Munthu wamkulu asabatizidwe msanga, koma ayambe waphunzira ndi kuyesedwa zaka zinai, monga unaliri mwambo wa Eklezia wakale. Akatekisti okalamba a m'madayosizi a White Fathers akumbukira bwino zaka zinai zimenezo. Anaphunzitsanso kuti amisoni ali oyamba cabe, ndi kuti nchito yokhalitsa idzagwiridwa ndi Aafrika eni ace. Ansembe atatu anaphedwa m'cipululu ca Sahara mu 1876, ena atatu mu 1881, koma ofuna kulowa cipanico sanaleke kubwera. Mu 1878 Papa Leo XIII anawapatsa maiko a ku nyanja zazikulu za pakati pa Afrika, ndipo amisoni khumi ananyamuka kupita ku Nyanza ndi ku Tanganyika.

Pamene Ambuye Lavigerie anatumikira boma la kwao mosabisa ndi ku Tunisia. Dzikolo linali ndi mfumu yace, koma France ndi Italy onse awiri anali kulisirira. Akatolika ambiri a kumeneko anali Ataliyana ndi a ku Malta, ndipo abusa ao anali ansembe a cipani ca Capuchin a ku Italy. Mu 1875 Ambuye Lavigerie anaika ansembe ao pa kachalichi ka Louis Woyera ku Carthage, kamene kanali m'manja mwa France, nagwirizana kwambiri ndi kazembe wa Afransa, Théodore Roustan. Anagula minda, namanga sukulu ndi nyumba ya odwala, zonse zolankhula Cifransa. Asilikali a France atalowa mu 1881 ndi kukakamiza mfumu kusaina pangano la Bardo, episkopi wokalamba wa Acapuchin anapuma, ndipo Eklezia wa ku Tunisia anaperekedwa kwa Ambuye Lavigerie. Ataliyana anadandaula kuti munthu mmodzi ameneyu anali kupindulira France monga gulu lathunthu la nkhondo. Cocititsa cidwi ncakuti boma lomwelo kwao ku France linali kuthamangitsa ansembe a zipani ndi kucotsa cipembedzo m'masukulu; koma kunja kwa dziko linawafuna, pakuti sukulu ya misoni inali yochipa kuposa linga la asilikali. Mu 1882 anakhala Kardinala, ndipo mu 1884 Papa anautsanso mpando wakale wa Carthage, wa Cyprian Woyera, nawakhazikapo.

Ena anali kuonera ndi kuphunzira. Mfumu Leopold II wa ku Belgium, amene anali kudzikonzera ufumu wacewace ku Congo, anapereka kwa White Fathers malo ace awiri a pa nyanja ya Tanganyika, Karema ndi Mpala, mu 1885. Koma sanafune ansembe Afransa m'dziko lace, poopa kuti kumbuyo kwao kudzabwera mbendera ya France, ndipo anaumirira ku Roma kuti ku Congo kupite amisoni a ku Belgium. Mfumuyo inawerenga amisoni monga mwini ng'ombe awerengera za m'khola lace.

Makalata ocokera ku Tanganyika anali odzaza ndi nkhani za ukapolo: midzi yotenthedwa, anthu m'magoli, ana otayidwa m'njira. Mu 1888, atatumidwa ndi Papa Leo XIII, Kardinala anayendera mizinda ya ku Ulaya kukautsa anthu. Analalika ku Paris pa 1 July, ku London kumapeto kwa mwezi womwewo, ku Brussels pa 15 August, ndiponso ku Roma. Anthu analira, ndalama zinasonkhedwa, mabungwe othana ndi ukapolo anabadwa m'maiko ambiri. Palibe angakayike kuti mtima wao unali woona pa nchito imeneyi, ndipo thupi lao linathera pomwepo. Koma mau a ulaliki atagwa m'makutu a nduna anasanduka cida. Bismarck wa ku Germany, amene anthu a m'mbali mwa nyanja ya mcere ku East Africa anaukira kampani ya dziko lace caka comweco, anapeza cifukwa cabwino cotumizira sitima zankhondo ndi asilikali. Leopold anaitanitsa msonkhano wa maiko ku Brussels, wa 1889 mpaka 1890, naturukamo ndi cilolezo cokhometsa msonkho pa katundu wolowa m'Congo. Ndipo dziko lonse lidziwa tsopano nkhanza zimene anthu a ku Congo anaziona pansi pa mfumu imene inadzicha mdani wa ukapoloyo.

Nkhani ya kwa Mponda inabadwa m'masiku omwewo. Apwitikizi anali kunena kuti dziko la Shire ndi la Nyanja ndi lao kuyambira kale, koma analibe cooneka cotsimikizira mau ao. Angerezi anali naco: amisoni a ku Scotland anali ku Cape Maclear kuyambira 1875 ndi ku Blantyre kuyambira 1876, pamodzi ndi kampani ya malonda ya African Lakes. Amisoni amenewo sanafune konse kulamulidwa ndi Apwitikizi, ndipo mu 1889 abusa ndi akulu a mpingo zikwi zambiri ku Scotland anasaina kalata yopempha Lord Salisbury kuti asapereke dzikolo. Kotero mbali ya Angerezi inali ndi amisoni ace oiyankhulira. Boma la ku Lisbon linafuna ace, ndipo linatembenukira kwa Kardinala wa ku Algiers.

Ambuye Lavigerie anali ndi zifukwa zao zobvomerera. Njira yopita ku Tanganyika kudzera ku Zanzibar ndi Bagamoyo inatsekeka cifukwa ca nkhondo ya Ajeremani, ndipo njira ya pa madzi, ya Zambezi, Shire ndi Nyanja, inayambira ku Quelimane m'manja mwa Apwitikizi. Kwa Mponda kunali pa mphambano ya njira za akapolo zopita kugombe. Ndiponso Portugal anali dziko la Akatolika, pamene kumtunda kwa Shire kunali Aprotestanti okhaokha. Mu June 1889 anapangana: Kardinala apereke amisoni, boma la Portugal lipereke ndalama ndi citetezo. Pa 31 July caka comweco Roma anakhazikitsa cigawo ca misoni ca Nyassa. Kwa Kardinala misoniyo inali khomo la Mthenga Wabwino. Kwa nduna za ku Lisbon inali cikhomo ca malire.

Amisoni aja ali m'njira, zinthu zinasintha. John Buchanan analengeza kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire liri pansi pa citetezo ca Angerezi, Harry Johnston anali kuyenda ndi mapangano ace kwa mafumu a m'mbali mwa nyanja, ndipo mu November asilikali a Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo kumunsi kwa Shire. Patangopita masabata awiri ansembe atafika kwa Mponda, pa 11 January 1890, boma la ku London linalamula Portugal kuti acotse asilikali ace onse m'dzikomo. Portugal anagonja. Akulu akale anati ukakwera pamsana pa njobvu usamati kunja kulibe mame. Njobvu ya Bambo Lechaptois inagwada asanamange ndi nyumba yomwe.

Anatsala okha, alendo a boma limene linalibenso mau kumeneko. Angerezi anawayang'ana monga akazitape a Apwitikizi. Mfumu Mponda, Myao wa Cisilamu amene mphamvu yace inali pa malonda a minyanga ndi akapolo, anayembekeza mfuti ndi onga kwa Azungu. Ataona kuti awa alibe, ndi kuti kumbuyo kwao kulibe boma loopsa, anawasunga monga cuma ca pabwalo pace, osawalola kucita zambiri. Iwo anatsekula kasukulu, napereka mankhwala kwa odwala ambiri, naphunzira Ciyao, nadwala malungo, naona ndi maso ao anthu akugulitsidwa ndi kuphedwa, osatha kuletsa. Mwa iwo okha munalibe cinyengo. Anali ansembe osauka ofuna kuphunzitsa za Mulungu, koma pangano limene linawabweretsa linawamatira cizindikiro cimene sakanatha kucicotsa. Mu June 1891, mwezi umene Britain ndi Portugal anasainirana za malire, anacoka kwa Mponda osasiyako mpingo. Anakwera sitima ya pa nyanja mpaka ku Karonga, nayenda pansi kukafika kwa Amambwe, kumene anayambitsa misoni yoyamba ya White Fathers m'dziko limene lero ndi Zambia. Miyezi ingapo pambuyo pace Johnston anathira nkhondo Mponda namanga linga la Fort Johnston, kumene tsopano ndi ku Mangochi. Panapita zaka khumi dziko lino lopanda wansembe wa Katolika wokhazikika, kufikira Abambo a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndi White Fathers ku Mua mu 1902. Pobwera kaciwiriko sanadzere m'thumba la boma lirilonse.

Ku Buganda mtengo wace unali wa magazi. Kumeneko nchito inabala zipatso zodabwitsa, ndipo mu 1886 Karoli Lwanga ndi anzace anafera cikhulupiriro cao. Koma popeza ansembe anali Afransa ndipo amisoni a Anglican anali Angerezi, Abaganda anayamba kuchula Akatolika kuti a Cifransa, ndi Aprotestanti kuti a Cingerezi, ndipo maina acipembedzo anasanduka maina a magulu olimbirana ufumu. Mu 1890 Bambo Lourdel anakondera pangano la Mjeremani Carl Peters poopa kampani ya Angerezi. Pa 24 January 1892 nkhondo inabuka ku Mengo. Captain Lugard anagawira Aprotestanti mfuti nawathandiza ndi mfuti yace ya Maxim, ndipo chalichi ca ku Rubaga cinatenthedwa. France, amene dzina lace Akatolikawo anafera nalo, sanatumize ngakhale msilikali mmodzi. Kuti bodza lakuti Mkatolika ndi Mfransa lithe, kunayenera kubwera ansembe a Mill Hill ocokera ku England mu 1895.

Zaka zotsiriza za Kardinala zinali zowawa, ndipo cowawitsa cinali ndale ndithu. Akatolika ambiri a ku France anali kufuna kuti ufumu ubwerere, nadana ndi boma la Republic. Papa Leo XIII anaona kuti udani umenewo ukuononga Eklezia, napempha Ambuye Lavigerie kuti ayambe ndiwo kulankhula. Anamvera, ngakhale anadziwa cimene cidzawagwera. Pa 12 November 1890, pa phwando limene anakonzera akulu a sitima zankhondo ku Algiers, ananena kuti Akatolika ayenera kubvomera boma limene anthu alisankha. Alendowo anangoti cete. M'masabata otsatira anatukwanidwa m'manyuzi, abwenzi akale anawafulatira, ndipo mabanja olemera amene anali kudyetsa misoni zao anamanga matumba. Kalata ya Papa yotsimikiza mau aowo inatuluka mu February 1892, iwo atatheratu mphamvu. Gulu la abrother onyamula mfuti limene analiyambitsa ku Biskra mu 1891, kuti liteteze akapolo othawa m'Sahara, linathetsedwa caka cotsatira, boma la France litaona kuti silikulipinduliranso.

Patapita zaka 27 cimwalirire iwo, Papa Benedicto XV, m'kalata yace ya Maximum Illud ya 1919, anadzudzula kolimba mmisoni amene aika ulemerero wa dziko la kwao patsogolo pa Ufumu wa Mulungu, pakuti anthu akazindikira zimenezo ayesa Cikristu cipembedzo ca mtundu wacilendo. Ambuye Lavigerie sayenera kuikidwa m'gulu la otere popanda kusiyanitsa: cipani cao anacitsekulira anyamata a maiko onse, ndipo ana ao a ku nyanja zazikulu anawacenjeza kuti ali atumiki a Eklezia, si a boma. Koma cimene analetsa ana ao kumwera iwo anacicita kumpoto, ndipo kwa Mponda anawatuma ndi ndalama za mfumu ya dziko lina.

Anamwalira ku Algiers pa 26 November 1892, ali ndi zaka 67. Boma la France, lija linali kukangana ndi Eklezia kwao, linawacitira maliro aulemu a boma, ndipo sitima yankhondo inanyamula mtembo wao kupita nawo ku Tunisia, kumene anauika m'chalichi cacikulu ca ku Carthage cimene anamanga okha. Tunisia analandira ufulu wace mu 1956, ndipo cifanizo cao cacikulu, cogwira mtanda m'mwamba, cinacotsedwa pa khomo la mzinda wakale wa Tunis. Mu 1964 chalichi cija cinaperekedwa kwa boma la Tunisia, ndipo mafupa a Kardinala anasamutsidwira ku Roma, ku nyumba yaikulu ya cipani cao. Mu October caka comweco Papa Paulo VI analengeza kuti Karoli Lwanga ndi anzace 21 ali m'gulu la Oyera.